Malata Asanu pa Nyumba ya Mkamwini

Abusa, akulu a mpingo, amai ndi abambo, moni m'dzina la Ambuye. Mundikhululukile. Sindinaimepo kutsogolo kuno, sukulu ndinalekela panjila. Koma umboni uwu ndikaubisa, ndikhala ngati ndaba.

Amuna anga, bambo ake a Esnati, ndi mkamwini. Anabwela kudzakhala kwathu ku Nyampande. Denga la nyumba yathu chiswe chinadya, ndipo mvula ya chaka chatha inkagwela pamphasa penipeni. Mwana wathu Esnati anatsokomola miyezi itatu. Ine ndinkangotchela madzi, apa beseni, apo poto.

Titagulitsa nshawa, mtedza wathu uja, ndinati, "Tigule malata." Abale, nthawi zino mukuziona nokha. Sopo timaimila mzele, mafuta ophikila kulibe, mtengo wa lelo si wa dzulo. Tikagula malata, feteleza tigula ndi chiyani? Tikadikila, ndalamayo isanduka pepala chabe. Kumunda ndikuganiza, kuchitsime ndikuganiza.

Kenako alamu anga, akulu awo a amuna anga, anabwela pa njinga kuchokela ku Nyimba. Ndili kuseli ndikupeta chimanga, ndinawamva akuseka. "Iwe, malata pamudzi wa mkazi? Tsiku lomwe adzakuponyele bulangeti panja, udzasenza denga pamutu?"

Amai, mukundimva. Lichelo linandigwa m'manja. Nkhani sinalinso ya malata ayi. Mwamuna wangayu akhalitsa, kapena ali pa ulendo? Kuwafunsa ndinaopa. Ndinangopemphela kuti, "Ambuye, ine pakamwa mpolemela, lankhulani ndinu."

Masabata awili anapita, mitambo nayo yayamba kuda. Loweluka lina amuna anga anakwela lole ya ku Petauke, ndalama zonse m'thumba, osandiuza chomwe akukachita. Nditayang'ana pamsomali, jekete lawo la kutchalitchi palibe. Ndinati basi, apita. Ndinakhala pakhomo mwana kumsana, moto osasonkha.

Dzuwa litapendeka, ngolo inaima pabwalo, amuna anga ali momwemo. Malata asanu. Asanu okha, abale, chifukwa mtengo unali utakwelanso, ndipo jekete lija anagulitsa kuti apeze misomali.

Ndinati, "Nanga feteleza?"

Anati, "Tikapempha manyowa kukhola la amalume anu. Chimanga chikachepa ndidzapita kuganyu."

"Nanga zija ananena akulu anu?"

Anandiyang'ana. "Kani munamva, amake Esnati? Misomali iyi ndikhoma ndi kuipinda kunsi. Aizule ndani?"

Lelo nyumba yathu ndi theka malata, theka udzu, ndipo odutsa amaseka. Za kumunda sindidziwa, mtima ukadali m'mwamba, mutikumbukile m'mapemphelo. Koma Lachitatu masana mvula inagwa, ine ndinathamanga kukaika beseni pamalo pake monga kale. Beseni linakhala louma, abale, louma! Esnati analila ndi phokoso la malata, koma sananyowe.

Awo akhala kumbuyo uko ndi shati yokha, awelamitsa mutu, ndi omwewo. Zikomo Ambuye. Amai, ndithandizeni nthungululu, ine mau andithela. Amen.