Chikhadabo cha Nelesi

M'chaka cha 1958, kumidzi ya kufupi ndi Kasisi, mtengo wa mubanga unapendekera pa nkhokwe ya a Abson, ndipo nkhwangwa zonse za pamudzi zinaulephera. A Abson, munthu amene sanagonjerepo ngakhale chimfine, analumbira pamaso pa anthu kuti Yoramu, wofunsira mwana wawo Nelesi, sadzakhudza ngakhale chikhadabo cha mtsikanayo mtengowo usanagwe.

Yoramu anabwera ndi sowo ya injini, yobwereka kwa mzungu wa pafamu pomwe ankadula nkhuni zowotchera fodya. Sowoyo inalira mpaka nkhuku kuthawa, koma inangolavula utuchi wosalala ngati ufa.

"Phokoso lonse lija, wapera chabe," anatero a Abson.

"Mano ninanola, atate. Vuto ni timitu utu."

Anawaonetsa kamutu kokhala patsogolo pa dzino lililonse la tcheni. Anati kakatalika, dzino limangonyambita mtengo. Kakafupika kwambiri, sowo imalumphira munthu kumaso. Kenako anatulutsa kachitsulo m'thumba.

"Ako ni kachani?"

"Koyezera timitu, atate."

A Abson anali atanola nkhwangwa ndi macheka Yoramu asanamere mano, ndiye kachitsuloko kanawanyansa. Anakalanda n'kukaponya m'tchire.

"Mwamuna ayeza na thupi lake."

"Inde atate. Bwana anati kachitsulo kakasowa, kamutu katsike kulingana na kuchindikala kwa chikhadabo."

"Waona? Ichi chikhadabo," anatero a Abson, akumuonetsa chawo chochindikala.

Yoramu anachiyang'ana mwaulemu wonse, kutsogolo ndi m'mbali.

"Chabwino maningi, atate. Cholimira."

"Yeza."

"Tikayezera ichi, timitu tonse tizatha. Sowo izadya ine, mtengo uzatsala."

"Nanga zako?"

Yoramu anatambasula zala. Nkhuni za fodya zinali zitamaliza kale ntchito yake: chikhadabo china chakuda, china chong'ambika, china kulibiretu.

"Amake Nelesi, bweretsani chala kuno."

Yoramu anadzuka n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe, nkhope kumbali.

"Iwe, uyenda kuti?"

"Apongozi aakazi siniyandikira, atate. Mwambo."

"Sanakhale apongozi ako."

"Ndiye nikawagwira chala lero, sazakhalanso."

A Tisauke, amake Nelesi, anaseka mpaka kukhala pansi pakhonde. Nthawi yomweyo kunawomba mphepo, mtengo unalira kuti kwee, nthambi n'kukanda denga la nkhokwe. A Abson anadzambatuka, pakuti chimanga chonse cha chaka chimenecho chinali mmenemo.

"Nelesi, bwera."

Nelesi anabwera n'kugwada, akudziluma mlomo kuti asaseke. Chikhadabo chake chinali chopyapyala bwino, ngakhale a Abson anaona. Koma Yoramu anapinda manja kumbuyo.

"Gwira chala, uyeze."

"Munalumbira, atate."

"Nalola."

"Mtengo ukali chiimire."

"Uzagwa bwanji osayeza?"

"Nanenso nidabwa, atate."

"Nakuuza kuti nalola."

"Munalumbira pa anthu. Mwalola pa ine chabe."

Mtengo unaliranso. A Abson anayang'ana nkhokwe, anayang'ana mnyamatayo. Kenako anakwera pachulu n'kukuwa kuti mudzi wonse umve.

"Imwe anthu, Yoramu agwire chala cha Nelesi, ine nalola!"

Anthu sanafunse kuti chala chogwirira chiyani. Amayi anatuluka m'nyumba ndi nthungululu, wina anathamangira kukauza azakhali, wina anayamba kufunsa tsiku lofulula mowa. A Abson anayesa kufotokoza za timitu, koma ndani akanamva za timitu pa chisangalalo chotere?

Pansi pa mtengo ntchito inayamba. Yoramu ankagoneka tupa pamwamba pa mano awiri, n'kulowetsa chikhadabo cha Nelesi pampata wa pakati pa tupayo ndi kamutu. Chikakana kulowa, ankapala kawiri n'kuyezanso. Chikalowa, ankayezabe kuti atsimikize. Munthu wosamala ntchito ngati ameneyu a Abson anali asanamuonepo, ndipo sanamukonde m'pang'ono pomwe.

"Dzanja lonse ugwiriranji? Chikhadabo ni chimodzi."

"Chinjenjemera, atate."

"Iwe Nelesi, leka kuseka."

"Aninyerenyesa, atate."

Mthunzi unasuntha, mphepo inakula, awiriwo ali mitu pamodzi.

"Yatsala yangati mano?"

Yoramu anazungulitsa tcheni, nkhope ili gwa.

"Tcheni ilibe pothera, atate. Bwana amaika chizindikiro poyambira."

"Iwe unaika?"

"Simunaniuze."

"Tiyambenso chabe," anatero Nelesi, akupereka dzanja linalo.

A Abson anatembenuka. Anavula chipewa, anapinda buluku, n'kulowa chokwawa m'tchire muja, zisoso zikuwamata ndevu. Patapita kanthawi mawu awo anamveka m'udzu, ofatsa ngati a munthu wodwala.

"Amake Nelesi, bwerani munithandize. Kachitsulo ka mzungu kaja kanagwera pati?"