Wailesi Yopukusa Inatipezera Atate

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Masala, mu Ndola. Atate anga ndi okalamba ndipo amaiwalaiwala. Tsiku lina m'mawa anatuluka osabwerera. Malaiti anali atapita, mafoni onse atazima. Tinafunsa mumsika monse, koma palibe anawaona.

Nditabwerera kunyumba ndinatenga kawailesi kathu kotchaja ndi dzanja. Ndinapukusa chogwirira chake mpaka mkono kuwawa, chifukwa ndikaleka mawu ankazilala. Madzulo wolengeza anati mayi wina kudera la Bwana Mkubwa, kufupi ndi mgodi wakale, akusunga nkhalamba yosochera, yovala jekete yofiira.

Atate anatuluka atavala jekete yotero, ndiye tinathamangira komweko. Tinawapeza akumwa tiyi, mapazi atatupa. Ndinagwada pambali pawo misozi ikutsika.

"Ulira chiyani, mwanawe?" anandifunsa. "Ndimapita kuntchito."

Ntchito ya mumgodi anaisiya ine ndili pasukulu.