Ndime Yochita Kuwonjezera

Pamzere wodikira basi, bambo wina wovala tayi anasuzumira m'Baibulo la mayi amene anali patsogolo pake.

"Mayi, nkhani ya mkazi wogwidwa akuchita chigololoyo musaidalire. M'mipukutu yakale kwambiri mulibe. Okopera anachita kuwonjezera."

"Zoona?"

"Eetu. Ndipo miyala imene ankafuna kumugenda nayoyo ena amati ndi chiphiphiritso chabe."

"Chiphiphiritso? Mng'ono wanga akumuzenga mlandu womwewu kutchalitchi lero. Ndikufuna ndikawawerengere akulu ampingo ndime imeneyi."

"Pepani, koma si yoyambirira."

"Chabwino. Nanga poti cholembera chinali m'manja kale, mwamuna amene anagwidwa nayeyo osamuwonjezera bwanji?"

"Aaa, kaya. Mwina malo anachepa."

"Inde, amachepadi. Kwathukonso pabenchi ya olakwa akakhala yekha mng'ono wangayo. Mwamunayo ndiye mlembi wa mpingo, akakhala kutsogolo n'kumalemba."