Miyendo ya Tadala ndi Mlandu Umene Sindinapalamule

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga ndi abale nonse a pano pa Manja, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni. Koma mundipirire, chifukwa umboni wanga uli ndi mkwiyo mkati, ndipo sindiubisa pamaso pa Mulungu.

Mukukumbukira kuti bambo a Tadala atapeza mwayi wa sukulu ku Ulaya anapita nane. Munatiperekeza ndi nyimbo pakhomo lomweli. Tadala anabadwira komweko. Abale anga, dziko lija n'lozizira! Dzuwa limatuluka ngati mlendo wamanyazi, lasuzumira, lapita. Miyezi yathunthu ine ndili m'nyumba, mwana ndamukulunga m'mabulangete atatu, kungosiya kamphuno.

Anamwino a kumeneko anandipatsa kabotolo ka madontho. Anati, "Muzimudonthezera m'kamwa tsiku lililonse, nanunso muzimwa mapilitsi anu a vitamini D." Ndinaimbira foni apongozi anga ku Nancholi, amayi awo a bambo a Tadala. Iwo anati, "Mwana wosadwala amamwa mankhwala? Ine ndalera asanu ndi awiri, madontho ndinawaona kuti?" Ndinamvera. Apa ndiye pamene ndinalakwa, ndipo ndikuvomera. Kabotolo kaja ndinakaponya m'sutikesi kosatsegula.

Tinabwerera kuno Tadala ali ndi zaka pafupifupi ziwiri, asakuyenda. Ukamuimika, amalira. Miyendo inapindika, matewe enieni, m'mikono motupa. Inenso msana ndi m'chiuno zinkandiphwanya, koma za ine ndinalibe nazo ntchito.

Tsono mverani. Apongozi anamuyang'ana mwana kamodzi kokha, n'kuyang'ana ine. Anati, "Ili ndi tsempho. Mwana wanga ali kusukulu, iwe unkatsala ndi ndani m'nyumba muja?"

Amayi anzanga, mwamva? Tsempho! Ndiye kuti ine ndinayenda ndi mwamuna wina mwana ali kubere, n'kumudwalitsa. Ine! Ine amene ndinkaopa ngakhale kutsika masitepe kukataya zinyalala chifukwa cha chisanu! Chibwenzicho ndikanachipeza kuti, m'firiji?

Musaseke, zinandiwawa. Nkhani inayenda kuchoka ku Nancholi kufika mumsika wa Limbe ine ndisanafikeko. Ndikamasankha tomato, amayi ankakodolana. Ena a inu muli muno munasiya kundipatsa moni wa dzanja. Sinditchula maina, Mulungu akukuonani pamene mwakhalapo. Koma chimene chinandithyola mtima ndi bambo a Tadala. Munthu wophunzira, wa mapepala a ku Ulaya, amayi ake akulankhula iye anangoweramitsa mutu ngati wataya singano. Anasamukira pabalaza. Ankhoswe anaitanidwa kuchokera ku Nsanje kuti Loweruka adzamve ndikuulula, apo ayi ndinyamule katundu, mwana atsale.

Apongozi anamutenga mwana m'manja mwawo. Anamutsekera m'chipinda m'nyumba mwathu momwemo kuti anthu asamuone. Mazira analetsa, ati amayambitsa khunyu. Mwana wosowa dzuwa, ku Malawi kuno kumene dzuwa ndi laulere, n'kumutsekeranso mumdima!

Lachinayi ndinagwada. Ndinati, "Ambuye, Inu mukudziwa. Ngati simulankhula, ine ndatha." Ndinatsitsa sutikesi kuti ndiyambe kulongedza, ndisadikire kuchotsedwa ngati galu. Ndikupisa dzanja m'thumba la m'mbali, ndinakhudza kanthu kolimba. Kabotolo kaja, abale. Kosatsegula.

Sindinapemphe chilolezo kwa munthu. M'mawa ndinalowa m'chipinda muja, kubereka mwana wanga, kukwera minibasi, mpaka kuchipatala m'tauni. Adokotala anamujambula mafupa, anatitenga magazi tonse awiri. Ndinawaonetsa kabotolo. Anapukusa mutu nati, "Mayi, mwanayu akusowa vitamini D, inunso chimodzimodzi. Thupi limaipanga likawombedwa ndi dzuwa, ndipo ife a khungu lakuda, kumaiko ozizira dzuwa la kumeneko silitikwanira. Popanda iyo mafupa amafewa. Madonthowa akanamuteteza."

Ndinafunsa, "Adokotala, si tsempho?" Anati, "Tsempho silioneka pa chithunzi ichi. Chikuoneka apa chili ndi mankhwala ake." Ndinati, "Ndilembereni, ndikaonetse anthu."

Loweruka ankhoswe atakhala, ndinaika patebulo zinthu ziwiri, kalata ya adokotala ndi kabotolo. Ndinati, "Bambo a Tadala, mumadziwa Chingerezi, werengani mokweza." Anawerenga. Kenako ndinatembenukira kwa apongozi. Ndinati, "Amayi, mwafuna ndiulule, ndikuulula. Tchimo langa ndi limodzi: ndinamvera inu pafoni." Ankhoswe anapempha madzi akumwa.

Lero papita miyezi isanu ndi itatu. Mankhwala amene anatipatsa sitiphonya. Dzira tsiku lililonse, usipa wosinja ndi minga yake m'phala, chiwindi chikapezeka, majarini pa buledi. M'mawa uliwonse Tadala amaothera dzuwa pakhonde, miyendo pamtunda, pamene aliyense wodutsa angamuone. Bambo ake anagwada n'kupepesa. Apongozi sanapepese ndi pakamwa, koma sabata yatha anabwera ndi thileyi ya mazira pamutu. Ndalandira. Kukhululuka ndikuphunzira, Abusa, mundipempherere, sindinafike.

Inu amene muli ndi ana kumaiko ozizira, aimbireni lero: madontho aja asawaponye m'sutikesi. Ndipo mwana akadwala, thamangirani kuchipatala musanathamangire kuipitsa dzina la mayi wake.

Ndikuthokoza Yehova amene anandiyeretsa ine wopanda mboni. Tsopano bambo a Tadala, mutsitseni mwanayo. Ayi, musamugwire dzanja. Tadala, bwera kwa amayi. Bwera, mwananga.

Mpingo wa Mulungu, mukumuona? Amene munanong'ona ndi amene munapemphera, nonse imirirani. Nthungululu zimveke, kondwerani nane, mwana wanga akuyenda!