Pepala la Ukwati Wathu Linagona Zaka Zitatu m'Sutikesi ya Ankhoswe

Abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Indianapolis, a ku South Bend, ndi nonse amene mumawerenga pa gulu lathuli, landirani moni. Ndine Limbani, uja wosintha matayala pa galaja ya ku Speedway. Ambiri mumandidziwa ndi mtima wapachala, ndipo sindikana. Sindine munthu wolemba, sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndiye pomwe papindika mundikhululukire. Koma ndaona kuti si bwino ndikwere ndege sabata yamawa ndisananene zimene Mulungu wandichitira. Miyezi inayi yapitayo ndinauzidwa kuti m'mabuku a boma ine ndi mkazi wanga si banja, pa nthawi yeniyeni imene ndinkafunika kuonetsa kuti ndife banja.

Mkazi wanga ndi Noi, kwawo ndi ku Thailand. Tinadziwana pa lesitilanti ina ya pa Lafayette Road pomwe ankaphika. Ine ndinkapitako masana kukagula mpunga, tsabola wake n'kumandigwetsa misozi, iye n'kumandiseka ali kukhitchini. Tinakwatirana zaka zitatu zapitazo. Amayi anga, amene anandibweretsa kuno ndili mnyamata, anali atatisiya kale, ndiye amene anaima ngati kholo komanso nkhoswe wanga anali mchimwene wawo, amalume a Mwale a ku South Bend. Amalume anakanitsitsa zoti ndingotola mwana wa eni ake ngati nkhuni. Tinachita chinkhoswe Lachisanu mu holo ina ku Lawrence, ukwati wa kutchalitchi Loweruka. Mayi mwini lesitilanti ija anakhala nkhoswe wa Noi, ndipo mpaka lero amaseka akakumbukira kuti anawanyamulitsa nkhuku yootcha yathunthu kuti asinthane ndi ya amalume, iwo osadziwa kuti akusinthanitsiranji. Tsiku la ukwatilo anasankha ndi apongozi anga, amayi ake a Noi, ali kwawo komweko. Kwa iwo tsiku la ukwati sangolilozera pa kalendala. Anayenda kufunsa akuluakulu a kwawo mpaka anapeza limene anati ndi labwino.

Kuchiyambi kwa chaka chino apongozi aja anadwala sitiroko, mbali ya kumanzere yonse inaleka kugwira ntchito. Noi ndi mwana wamkazi yekhayo. Anandiuza kuti ayenera kupita, ndipo osati kwa masabata awiri ayi, koma chaka kapena kupitirira. Iye ali ndi pasipoti ya kwawo, amangokwera ndege basi. Vuto linali ine wa pasipoti ya Malawi.

Tinakhala pa tebulo, Noi akuwerenga pa foni, ine ndikumvetsera. Visa ya alendo imakupatsa miyezi iwiri, ukhoza kuwonjezera umodzi uli komweko, ikatha utuluke. Ina ndi ya ophunzira, pamenepo ndinangoseka, ine ndi sukulu tinasiyana kalekale. Ina ndi ya opuma pantchito, ya anthu a zaka makumi asanu, ine ngakhale makumi atatu sindinakwanitse. Imene inatiyenera ndi ya munthu wokwatira nzika ya dzikolo. Umalowa ndi miyezi itatu, ukafika umapempha chaka chathunthu, chikatha umapemphanso. Amafuna uonetse kuti uli ndi kangachepe ku banki, ndipo pamenepo tinali bwino. Koma chachikulu amafuna chikalata cha ukwati chochokera ku boma, chodindidwa.

Ndinati zimenezo n'zosavuta. Ndinathamangira ku ofesi ya maukwati nthawi ya lanchi, ndili mu ovolosi, girisi ali m'zikhadabo. Mayi wa pa windo anafufuza dzina langa, anafufuza la Noi, anafufuzanso tsiku. Kenako anandiuza mofatsa kuti laisensi tinatengadi, koma sinabwerere. Kuno abusa akadalitsa ukwati n'kusaina, pepala limodzi limayenera kubwerera ku ofesi kuti ukwatiwo ulowe m'kaundula. Lathu silinabwerere.

Abale, ndikuchita manyazi kunena. Ndinamenya kauntala mpaka zolembera zinagwa. Ndinatulutsa foni n'kumamuonetsa mayiyo vidiyo ya anthu akutifupa pa chinkhoswe, ngati kuti boma limalemba maukwati poona mavinidwe. Mlonda anabwera n'kundigwira pa chigongono. Mayi uja anangotola cholembera chimodzi. Analemba pa kapepala njira ziwiri n'kundipatsira pansi pa galasi: tikwatirenso kuti ukwati uyambire pa tsiku latsopano, kapena tipite kukhoti ndi umboni kuti ulembedwe pa tsiku lake lenileni.

Ine ndinkafuna yachidule, tikwatirenso basi. Noi anapukusa mutu. Anati, "Tsiku lija anasankha ndi amayi anga. Sindingakawauze ali chigonere kuti tinalitaya." Tinkaopanso kuti a visa akaona ukwati wa sabata imodzi aziganiza kuti tangopanga kuti ndilowe m'dziko. Patatha masabata awiri Noi ananyamuka yekha, chifukwa matenda sakanadikira mapepala anga. Ndinabwerera m'nyumba muli zii, mipeni yake ili pa khoma, ine osadziwa kuti ndidzamuonanso liti kupatula pa foni.

Ndinaimbira abusa amene anatidalitsa, omwe pano anasamukira ku Ohio. Nthawi ya ukwati wathu anali atangofika kumene kuchokera kumudzi. Anati mapepala onse anawapereka m'manja mwa ankhoswe monga timachitira kwathu, ndipo akukumbukira kuti ananena kuti limodzi litumizidwe ku ofesi, koma munali phokoso, azimayi akululutira. Ndiye kuti pepalalo linali kwa amalume.

Apa m'pamene panali povuta penipeni, chifukwa ine ndi amalume tinali titatha chaka ndi miyezi osalankhulana. Tsiku lina nditapsa mtima pa nkhani yopanda mutu ndinaswa chitseko cha kubafa ndi chibakera. Noi anali atamva bwino malangizo a pa chinkhoswe akuti m'nyumba mukavuta, uza ankhoswe. Anawaimbiradi. Amalume anadiraiva maola awiri ndi theka kudzatikhazika pansi. Ine m'malo momva ndinawauza kuti kuno ndi ku America, za unkhoswe zinatsala pa eyapoti. Ndinawatsegulira chitseko kuti azipita, ndipo asanafike pa galimoto ndinali nditawabuloka kale pa foni.

Ndinakhala masabata atatu ndikudziwa komwe kuli pepala, osapita. Ndinkanamizira ntchito. M'mawa uliwonse ndisananyamuke Noi ankaimba pa vidiyo, kwawoko kuli madzulo, ine n'kumamuona akuwadzutsa amayi ake yekha, akuwamwetsa phala ndi supuni. Iye sanandikakamizepo. Tsiku lina apongozi anayang'ana pa foniyo, pakamwa patapotoka, n'kuyesetsa kutchula dzina langa. Amanditcha Lim. Noi anandimasulira kuti akufunsa ngati ndikubwera.

Masana a tsiku limenelo sindinadye. Ndinakhala pa tayala kuseri kwa galaja n'kupemphera, ndipo pemphero lake silinali lokongola ngati a kutchalitchi. Ndinati, Ambuye, pepala ndikudziwa komwe lili, galimoto ndili nayo, msewu ndimaudziwa, chimene ndilibe ndi mtima wokagogoda pa khomo lija. Sindinamve mawu aliwonse. Koma Loweruka m'mawa ndinadzuka wopepuka, ndinangopezeka ndili pa msewu wa 31 ndikudutsa minda ya chimanga kulowera kumpoto.

Amalume ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuthirira kadimba kawo ka mpiru. Anandiyang'ana, paipi ili m'manja.

"Kodi za unkhoswe zija zatsika ndege liti?" anatero.

Kale ndikanatembenuka pomwepo. Tsiku limenelo ndinagwada pa kapinga wonyowa, ndinapepesa, ndipo ndinafotokoza zonse. Anatseka madzi n'kundiuza kuti ndidzuke ndisanawachititse manyazi kwa aneba. M'nyumba anakoka sutikesi yabuluu pansi pa bedi, imene anabwera nayo kuchokera kumudzi. Munali zithunzi za maliro a amayi anga, pansi pake envelopu yokulungidwa mu pulasitiki. Pepala lija linali momwemo, losaina bwinobwino, lopanda n'khwinya lomwe.

Nditawaonetsa mzere umene unkanena kuti libwezedwe ku ofesi, anakhala pa bedi n'kugwira mutu. Anati, "Mphwanga, ine ndimati ndikusunga ukwati wanu. Kwathu pepala limakhala kwa nkhoswe, kuti wina akapsa mtima asaling'ambe. Ndiponso ndimakudziwa iwe." Kenako munthu wamkulu wa imvi anandipepesa ineyo. Ndinamva mkwiyo uja ukufuna kukwera monga mwa nthawi zonse, koma unathera pa chifuwa. Ndinaganiza kuti pepala limeneli likanakhala kwanga tsiku ndinaswa chitseko lija, kaya likanapulumuka. Kwa ine chozizwa choyamba chinali chimenecho, kuti ndinakhala chete.

Zotsatira zake zinayenda pang'onopang'ono koma zinayenda. Abusa anatumiza kalata yolumbira, Noi nayenso anatumiza yake. Tsiku la kukhoti amalume anapempha ofu kuntchito n'kubwera atavala suti ya pa ukwati ija, ndipo mayi wa lesitilanti anatseka khitchini theka la tsiku kuti adzaikire umboni. Woweruza atafunsa amalume kuti iwo anali ndani pa ukwatiwo, anayamba kufotokoza za unkhoswe kuyambira pa kufunsira mbeta mpaka pa nkhuku. Woweruzayo anawasiya amalize, akumwetulira, kenako analamula kuti ukwati wathu ulembedwe pa tsiku limene apongozi anga anasankha.

Chikalata chodinda ndinakatenga pa windo lomwe lija, kwa mayi yemwe uja. Ndinamupepesa. Anati amandikumbukira, ndipo anasuntha zolembera zake kuziika patali, tonse n'kuseka. Ndinajambula mapepala pa makina n'kuapulaya visa pa intaneti. Amalume ndi amene anandikumbutsanso kuti wa giriini khadi, chiphaso chokhalira ku America ngati changachi, akafuna kukhala kunja nthawi yaitali amayenera kupempha chilolezo chodzabwerera asanachoke, ndipo ndinakadinditsa zala. Yankho loti visa yatheka linandipeza ndikumanga tayala la galimoto ya kasitomala. Ndinawerenga kawiri, ndinamaliza kumanga mabauti onse, kenako ndinaimbira Noi ngakhale ndinkadziwa kuti wagona.

Apongozi sanachire, ndisaname. Koma ayamba kugwira kapu ndi dzanja lija, ndipo Noi akuti akonzetsa kale chipinda. Galaja yandiuza kuti ndikadzabwera malo anga ndidzawapeza. Mtima wanga uli m'malo.

Anzanga amene munakwatira kapena kukwatiwa ndi anthu a mayiko ena, musadikire matenda. Pitani ku ofesi mukaone ngati ukwati wanu unalembedwadi, ndipo za visa mufunse kwa eni ake chifukwa malamulo amasintha. Kwa inu amene mwatsekeredwa njira, pitirizani kupemphera, koma muonenso ngati palibe khomo limene mukulizemba dala. Ine ndinkapempha kuti Mulungu afewetse maofesi, pomwe chouma chinali mwa ine. Ndikuthokoza abusa, amayi a lesitilanti, ndi nonse amene munkandiyankha moni ngakhale nkhope ili yokwinya.

Zikalata zodinda ndinatenga zitatu. Chimodzi ndikupita nacho, china chili m'nyumba. Chachitatu amalume anachiitanitsa okha, anachikulunga mu pulasitiki muja n'kuchibwezera mu sutikesi yabuluu, ndipo ine sindinatsutse. Lachiwiri likubwerali ndi iwo amene akundiperekeza ku eyapoti ya ku Chicago. Akuti alowa nane mpaka pomwe amalekezera operekeza, aone ndi maso awo kuti ulendo uno unkhoswe wakwera nawo ndege. Ambuye alemekezeke, ndipo akusungeni nonse mpaka tidzaonanenso.