A Jaholong Sinurat, Amene Anakana Kuwoloka

Malemu bambo athu, a Jaholong Sinurat, anabadwa pa 14 Malichi 1958 ku Balige, m'dziko lathu lino la Indonesia. Anali achitatu m'banja la ana asanu. Sukulu anayambira komweko, ndipo mu 1980 anamaliza maphunziro a zamagetsi ku Medan.

M'chaka cha 1985 anabwera kuno kuchilumba cha Batam pamodzi ndi alamu awo, a Binsar Manurung, amene anakwatira mlongo wawo. Nthawi imeneyo kuno kunali tchire ndi dothi lofiira basi. Awiriwa ankagona chipinda chimodzi, nkumadyera mpunga mbale imodzi. Mu 1987 malemu anamanga banja ndi mayi Tiurma a kwa Siregar.

Mu 1991 a Binsar anawolokera ku Singapore, kutsidya kwa nyanjaku, ndipo zinawayendera. Apa ndi pamene panayambira nthenda ya malemu, ndipo sitibisa poti nonse mukuidziwa: nsanje. Sankatha kuyang'ana nyumba zazitali za kutsidya popanda kutsonya. Pa Khirisimasi, alamu awo akabwera atatchena suti, malemu ankawalonjera kuti, "Mwafika, bwana? Nyumba zanuzo munamangira mchenga wathu, muzidziwa."

Nsanje yomweyo ndi imene inawagwiritsa ntchito. Mu 2003 anasiya ntchito imene ankagwira kufakitale natsegula malo ophunzitsira achinyamata zamakompyuta, kuseri kwa nyumba yawo. Ankawauza kuti tsiku lina dziko lonse lidzabwera kudzagula nzeru ku Batam. Koma aliyense amene wadziwa ntchito ankakwera sitima yam'madzi, ulendo kutsidya. Malemu ankaitchula sitimayo kuti wakuba. Mu 2016 wakubayo anawatengera mwana wawo yemwe, Rosmaida, amene anakalembedwa ntchito pakampani ya a Binsar. Bambowa anatseka pakamwa, ndipo anadzamulankhula mwanayo atawabweretsera mdzukulu.

Mu 2021 makampani akutsidya anachuluka ku Nongsa, konkuno ku Batam, akusaka anthu odziwa ntchito. A Binsar nawo anabwera kudzatsegula nthambi, ndipo ambiri amene anawalemba anali ophunzira a malemu. Tinaganiza kuti mtima wawo ukhala pansi. Koma pamwambo wotsegulira, amene anapatsidwa mpando wakutsogolo ndi kuwomberedwa m'manja anali a Binsar. Malemu anabwerera kunyumba osadya, akuti, "Wolima ndine, wojambulidwa ndi dengu ndi wina."

Mu Novembala 2024 anayamba kudwala mtima. Madokotala anati ndi bwino akachitidwe opaleshoni ku Singapore. A Binsar anakonza zonse, Rosmaida anagwada pambali pa bedi akulira. Malemu anati, "Mzinda umene ukufuna kutchuka padziko lonse ulephere kuchiza nkhalamba imodzi? Ndichizidwa konkuno." Anatisiya pa 9 Januwale 2025.

Asiya mkazi wawo, mayi Tiurma, ana atatu, Rosmaida, Hotman ndi Duma, komanso adzukulu anayi.

Tikuthokoza abusa ndi mpingo wonse, anamwino amene anapirira nawo, ndiponso ophunzira awo amene awoloka mwaunyinji kudzanyamula bokosi. A Binsar, amene simunachoke pambali pa mtembo chifikireni, zikomo. Tingopempha kuti maluwa anu aja tiwasunthire kumbuyo pang'ono. Aposa a wina aliyense, ndipo alamu anuwo mukuwadziwa.

Bambo athu, gonani tsopano. Mzimu wanu uuse mumtendere.