Adiresi Yosasuntha ya Bambo Alexio Kawaza

Mafumu, abusa, azipongozi athu ochokera ku Ntchisi, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe, zikomo. Mawu awa ndi anga, ine Nambewe, mayi wobala malemu. Kusukulu sindinapondeko, choncho amene walemba komanso akukuwerengerani ndi Roza, mlongo wawo wa malemu, ndipo ndamuuza kuti asachotsepo liwu ngakhale limodzi.

Ndinawachenjeza malemuwa m'chaka cha 2021, pakhonde pomwe pakhala azimayipo. Ndinati, "Alexio, nambala mukuifunayo idzakupezetsani." Iwo anangoseka, osamva. Zimene zinadzawapeza ndizinena.

Malemu anabadwa pa 14 Meyi 1968 kuno ku Bowe, m'boma la Dowa. Tsikulo talitenga pa khadi la ubatizo. Ine chimene ndikukumbuka n'chakuti tinali pakati pokumba mtedza. Anali achiwiri kubadwa m'banja la ana asanu. Sukulu anayamba mu 1976. Ndinkawaletsa kuwoloka mtsinje nthawi ya dzinja, iwo ankavula yunifolomu n'kuisenza pamutu, kuwoloka. Ali Sitandade 8 anamasula wailesi ya bambo awo, tizitsulo mbwee pamphasa. Ndinawauza kuti m'menemo muli moto, uwatentha. Pofika madzulo wailesi ija inali ikulankhula bwino kuposa kale.

Mu 1988 anapita ku Lilongwe kukaphunzira kukonza mawailesi. Ndinawauza kuti m'tauni anthu amasowa. Sanasowe. Anabwerako patapita zaka zitatu ndi bokosi la zipangizo, n'kutsegula kashopu pamsika, pomwe pambuyo pake anayambanso kukonza mafoni ndi kuika magetsi a sola m'nyumba za anthu. Ambiri a inu denga lanu analikwerapo, ine ndili pansi kukuwa kuti atsike.

Pa 7 Ogasiti 1993 anamanga ukwati woyera ndi mayi Mirriam a ku Ntchisi. Apa pokha sindinachenjeze kanthu, chifukwa mkaziyo ndinamuona ndekha mmene ankagwirira khasu. Mulungu anawapatsa ana atatu, ndipo wachisamba ndi mwana wamkazi, Pemphero, amene wakhala pafupi ndi bokosi m'nyumbamo.

Mu 2019 anaimika mlongoti kuseri kwa nyumba, n'kuuyang'anitsa ku nsanja ya kampani ya mafoni ili paphiri, ndipo intaneti inalowa m'nyumba muno. Anali mlembi wa kalabu ya alimi a soya ndi mtedza. Anaika kompyuta yakale pakona, yosazima usana ndi usiku, kuti mlimi aliyense wokhala ndi foni azitsegula tsamba la kalabu, kuona mitengo ya mbewu, ndi kusiya uthenga. Koma panali vuto limodzi limene linkawasowetsa mtendere. Anandifotokozera kuti pa intaneti nyumba iliyonse imakhala ndi nambala yake, ndipo yawo kampani inkangoisinthasintha. Magetsi akangothima kunsanja, nambala yasintha. Anati, "Amayi, zili ngati nyumba imene m'mawa ili ku Bowe, madzulo ili ku Chezi, mawa ili ku Mponela. Mlendo angaipeze bwanji?" Ine ndinati bola choncho, wakuba nayenso asaipeze.

Chimene ankafuna amachitchula kuti adiresi ya ayipi, yosasuntha. Ine makutu anga anamva kuti adiresi ya oipa. Ndinapita kwa apongozi anga a Mirriam kukawafunsa ngati akudziwa kuti amuna awo akufunafuna adiresi ya oipa. Mudzi wonse unandiseka mwezi wathunthu, ndipo ena a inu ndikukumvani mukusekanso pano. Sekani, palibe kanthu. Ine mpaka lero ndimati chinthu chabwino sakanachipatsa dzina lotero.

Kupeza nambalayo sikunali kophweka. Akampani anawabweza, amvekere zimenezo n'za mabanki ndi maofesi akuluakulu, munthu wa kumudzi achita nazo chiyani. Malemu anakwera minibasi kupita ku Lilongwe maulendo asanu ndi awiri. Ndinkawerenga ndi njere za chimanga m'kambale, chifukwa ulendo uliwonse ine ndinkakhala pamsewu kudikira uthenga wa ngozi. Ulendo wachitatu anawatuma kalata ya kalabu. Wachisanu anawauza kuti wosayina ali ku maliro. Wachisanu ndi chiwiri anatenga mpando wawo wopinda n'kuukhazika pakhomo la ofesi, kunena kuti umenewu ndiwo adiresi yawo yosasuntha kufikira atapatsidwa inayo. Pa 19 Novembala 2021 anatsika minibasi akugwedeza kapepala m'mwamba ngati wapambana mpira. Panali manambala magulu anayi, olekanitsidwa ndi timadontho. Roza amafuna kuti awawerenge pano, ndamukaniza. Pamaliro pamabwera anthu osiyanasiyana.

Mu Malichi 2022 Pemphero anapeza ntchito ya m'nyumba kudziko lina lakutali, kutsidya kwa nyanja zamchere, kudzera mwa munthu wina amene dzina lake sitikufuna limveke pamaliro pano. Ndinachenjeza, koma nthawi imeneyo n'kuti machenjezo anga atasanduka ngati kulira kwa nkhuku, palibe ankatembenuka. Malemu nawonso mtima wawo sunali pamalo. Sabata yomaliza anamukhazika mwanayo pansi n'kumuloweza manambala aja. Anawaika m'kanyimbo kotonthozera khanda kamene ine ndinkawaimbira iwowo ali kumsana. Ndinakwiya kuti nyimbo yanga aisandutsa masamu. Iwo anati, "Pemphero, foni imabedwa, pepala limanyowa. Ichi chikhale ngati mfunda wako. Kulikonse ungakhale, ukachitchula, ndi kwanu."

Mwana anapita. Anaimba foni kawiri, kenaka zii. Tinadzamva pambuyo kuti anamulanda foni ndi pasipoti, ndipo kunja sankamulola kutuluka. Tsoka linzake, mu Julayi foni ya malemu inabedwa m'minibasi, nambala yake osabwereranso. Choncho ngakhale Pemphero akanabwereka foni, akanaimbira mbala. Miyezi khumi ndi inayi inadutsa. Ena anayamba kutiuza kuti tingokhala maliro. Malemu anakana. Analumikiza kabelu konga ka panjinga ku kompyuta ija kuti uthenga ukalowa kazilira.

Pano ndiulule tchimo langa, abusa ali pompano. Ine kabokosi ka intaneti kothwanima timagetsi, kamene kanali pakona pa kompyuta paja, ndinkakaopa. Ndinkakafunditsa chitenje. Mvula ikachita mdima ndinkazula chingwe kuopa mphenzi, ndipo nthawi ina malemu atapita kukagwira ntchito ku Ntchisi ndinazula masiku atatu. Atabwera sanandikalipire. Anagwada pansi n'kubwezera chingwe, kenaka anati, "Amayi, chitseko ichi musatseke. Mwana ali panja." Kuyambira tsiku limenelo mlonda wa chingwecho ndinali ine. Nkhuku, mwana, mlendo, ngakhale a Mirriam akusesa, aliyense woyandikira pakona paja ankakumana ndi ndodo yanga.

Pa 6 Juni 2023, dzuwa lili pamutu, ndinali kusenda mtedza pakhonde, kabelu kanalira kasanu motsatizana. Alimi akalemba kankalira kamodzi. Ndinati basi oipa aja afika. Ndinathamanga mpaka kumsika opanda mpango kumutu, ine nkhalamba, anthu n'kumayesa kwagwa maliro. Malemu anasiya foni ya kasitomala ili chotsegula. Atafika kunyumba n'kuyang'ana pa kompyuta anakhala pansi, pasimenti penipeni. Uthengawo unati, "Ababa, ndine Pemphero. Ndili moyo. Musazimitse."

Mwanayo anali atapatsidwa ntchito yolera ana, ndipo anawo anali ndi tabuleti yoonerapo zidole. Siinkaimba foni, koma inali ndi polemba. Anadziimbira nyimbo ija chamumtima, kulemba gulu loyamba, kadontho, gulu lachiwiri, mpaka tsamba la kalabu ya soya ya ku Bowe linatseguka kutsidya kwa nyanja. Nambala ikanakhala yosinthasintha ija, akanagogoda pa nyumba ya eni ake. Masabata otsatira ankalemba pang'onopang'ono, lero dzina la msewu, mawa mtundu wa geti. Malemu anasonkhanitsa zonsezo n'kuyambanso maulendo a ku Lilongwe, kumaofesi oona za anthu athu okhala kunja. Mpando wopinda uja anautenganso. Pa 28 Okutobala 2023 Pemphero anatsika galimoto pamsewu apo, wowonda ngati bango, koma akuyenda ndi miyendo yake. Ntungululu za tsiku limenelo a ku Chezi akuti anazimva.

Malemu anayamba kudwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi mu 2024. Ndinkawaletsa tiyi wa masupuni anayi, ankamwera kushopu. Pa 2 Sepitembala 2025 anagonekedwa kuchipatala ku Boma, komwe madokotala ndi anamwino anayesetsa ndithu, ndipo anatisiya m'mawa wa pa 9 Sepitembala. Amene anawagwira dzanja ndi kuwatseka maso ndi Pemphero.

Asiya mkazi, mayi Mirriam; ana atatu, Pemphero, Lonjezo ndi Priscilla; adzukulu awiri; abale awo atatu; ndi ine mayi wawo, amene ndinayenera kutsogola. Tikuthokoza mafumu, mpingo, adzukulu okumba manda, azimayi a kukhitchini, ndi a kalabu amene abwera ndi galimoto. Azimayi inu, nkhuni musasonkhere pafupi ndi mlongoti. Ndipo amene mulowe m'nyumba kukaona nkhope, pakona pali chingwe chakuda. Musachiponde. Chikuyakabe, ndipo Pemphero wati chiziyaka, chifukwa kumene anachokera kuja anasiyako atsikana ena awiri amene anawaphunzitsa nyimboyo.

Ndinati nambala ija idzawapezetsa, ndipo sindinaname. Anapezedwadi. Anawapeza ndi mwana wawo.

Alexio, bambo anga, pitani mukagone. Kumene mukupitako nakonso n'kosasuntha, tikakupezani. Mzimu wanu uuse mumtendere.